Mafizo a ku Tchaina ndi Belu la pa Chitunda

LOLEMBA

Kwazizira. Mphepo ya ku mapiri a Ntchisi ikulowa pansi pa chitseko osaodira.

Maondo m'mawa uno, powasankha monga ndinkasankhira fodya ku esiteti:
Lamanja, giredi yachitatu. Likulira koma likupindika.
Lamanzere, sikilapu, zonyenyeka zija tinkasesa pansi.

Ndilembe nkhani yonse kuti ndisadzaikane. Dzulo titatuluka m'tchalitchi, a Khombe, mkulu wa mpingo, ananditengera pambali. Akuti belu lachedwa masabata atatu otsatizana. N'zoona. Tchalitchi chili pamwamba pa chitunda, ine ndimakhala m'munsi, ndipo maondo anasiya kundimvera chaka chatha. Lamulungu likubwerali kuli mgonero, kukubwera abusa ochokera ku Mvera.

"Belu likalira 8 koloko yeniyeni, palibe nkhani," anatero a Khombe. "Likachedwa, mupereke chitsulo choimbira kwa a Gwedeza. Musadandaule, ntchito ndi ya Mulungu."

A Gwedeza ali ndi njinga, wotchi ya pamkono ndi maondo awiri athunthu. Khutu alibe.

Belu lathu ndi limu ya tayala la thirakitala. Anaipempha ku esiteti ndine. Anaikweza pachitunda pa ngolo ya ng'ombe ndine. Anaipachika pa mtengo wa muwanga ndine. Choimbira chake ndi pini ya ngolo, imagona pansi pa bedi, mbali yanga, yokulungidwa m'nsanza. Zaka 27. Katatu, kupuma. Katatu, kupuma. Kenako kakhumi ndi kawiri mosafulumira, ndipo ukamenya komaliza sumasuntha phazi mpaka liwu likafike kudambo n'kuzima lokha. A Gwedeza angamenye ngati akuingitsa anyani m'munda.

Mwayi wake, kalata ya Esinati yafika. Esinati mwana wanga, namwino ku Lilongwe. M'kati muli pepala limodzi, zithunzi zisanu ndi zitatu za mkulu wina wadazi, wovala ngati zogonera. Esinati analandira kwa dokotala wa ku Tchaina amene anadzagwira ntchito kuchipatala kwawo. Malemba ake ndi a kwawo konko, ngati mapazi a nkhuku pamatope. Kuseri Esinati walemba ndi pensulo:

"Bambo, nyamakazi ya m'maondo siichoka, koma imafewa. Awa ndi mafizo a makolo a ku Tchaina, okalamba a kumeneko amachita m'mawa uliwonse. Kamodzi patsiku, pang'onopang'ono, panja pamene pali mpweya wabwino. Musapinde bondo kwambiri. Likapweteka siyani. Pakatha miyezi itatu mudzaona kusintha."

Miyezi itatu ndilibe. Ndili ndi sabata imodzi. Koma kusukulu ndinapitako: miyezi itatu ndi masabata 12. Ndiye kuti ka 12 patsiku, sabata imodzi, zakwana. Fodya naye ukaonjezera moto amauma msanga.

Dongosolo:
Lolemba, chithunzi choyamba.
Lachiwiri mpaka Lachisanu, kumaonjezera ziwiriziwiri mpaka zithe.
Loweruka, kuyesa chitunda.
Lamulungu, belu.

Chithunzi choyamba n'chosavuta. Mkulu wadazi waima, maondo opinda pang'ono, zala za manja onse walukanitsa, manjawo wakweza pamwamba pa mutu ngati akuchirikiza denga. Ndaima pabwalo, kuyang'ana kunjira ya kuchitsime, poti dzuwa limayambira kumeneko.

Kachitatu: mapewa akuthetheka.
Kachisanu: amayi opita kuchitsime akudutsa. Moni akupereka, koma wothera panjira.
Kachisanu ndi chitatu: akubwerera, ndowa pamutu, akuyenda mochedwa kuposa ine.

A Nambewe, akazi anga, ali pakhonde, akutong'ola chimanga. "Kangati?" akufunsa. Ndikuti ka 12. "Esinati walemba choncho?" Ndikuwafotokozera masamu. Akuti, "Ehe," n'kubwerera ku chimanga chawo.

Zaka makumi anayi ndili nawo, ehe ameneyu sindinamupezerebe giredi.

LACHIWIRI

Lamanja, yachitatu. Lamanzere, sikilapu yofunda.

Dzulo ndalowa chipani. Ndamva lero kwa a Matewere a kuchigayo.

Ndinaiwala dziko lomwe tikukhala. Chichitikire chisankho chaka chatha, munthu sukweza dzanja mwachisawawa. Chala chimodzi m'mwamba ndi chipani china, cha pafupifupi mudzi wonse uno. Manja ogwirana pamwamba pa mutu ndi china, chomwe kuno chili ndi munthu mmodzi, a Matewere omwewa. Zala ziwiri ndi cha kumpoto. Ngakhale poimitsa matola munthu umayamba wawerenga zala. Mkulu wadazi wa ku Tchaina izi sanauzidwe.

A Matewere afika ufa uli mbuu m'nsidze, andigwira chanza ndi manja awiri.

"Akulu, mwandilimbitsa mtima. Ineyo manja ndimakweza m'nyumba, chitseko chotseka. Inu pabwalo, masana, ka 12!"

Ndikuti ndi mankhwala a maondo.

"Ee, ee, tizinena choncho," akutero, diso limodzi atatsinzina.

Asiya nsalu ya chipani, manja ogwirana ponseponse. Ndikuti tengani. Afika kale pa msewu. A Nambewe aitambasula, aikoka uku ndi uku, akuti ndi yolimba, aipinda n'kuika m'sutikesi.

Ine ndale ndinazisiya m'bokosi la mavoti. Amene ndinavotera sindinauze ngakhale pilo. Lero azimayi atatu adutsa njira ya kuseri kwa khola, yokhala ndi zisoso, kuopa kundipatsa moni.

Chithunzi chachiwiri. Mkulu wadazi watang'adza miyendo ngati wakwera bulu, akukoka uta wosaoneka, ndipo dzanja lakutsogolo laimika chala chimodzi. Chala chimodzi! Mankhwala a bondo ndi mankhwala a mbiri pa chithunzi chimodzi. Ndasendera pafupi ndi njira kuti aliyense aone. Ndatsika pansi kuposa mkulu wadazi yemwe, kuti chalacho chikhalitse m'mwamba. Esinati anati musapinde kwambiri, koma Esinati sakhala m'mudzi muno.

Chithunzi chachitatu. Dzanja lina kumwamba, lina pansi, ngati wothyola mango kwinaku akuletsa galu. Chilibe chipani. Ndachikonda.

Ka 12 ndakwanitsa. Maondo akutentha ngati mbatata ya paphulusa. Kutentha n'chizindikiro choti ntchito ikugwirika.

LACHITATU

Lamanja latsika, yachinayi. Lamanzere ku esiteti sakanalola n'kulowa nalo pageti.

Pali vuto lomwe sindinalione. Manambala a pa pepala amati uyambe ndi chithunzi choyamba nthawi zonse, kenako chachiwiri. Choncho ndimayamba ndi manja ogwirana, mphindi ziwiri zisanathe ndili pa chala chimodzi, ndikapuma n'kuyambiranso. Ndikusintha chipani ka 24 patsiku.

Zomwe zikukambidwa, monga a Nambewe azitolera:
Kuchitsime, akuti ndagulidwa ndi nsalu.
Kuchigayo, akuti ndaopsezedwa ndipo ndabwerera.
Pa bawo, akuti ndimadya uku ndi uku, ndipo ndinali choncho kuyambira ku esiteti.

Chisanu chaumitsa zala. Pokoka uta kachinayi, chala chapakati chanyamuka pamodzi ndi chinzake, sichikufuna kugona. Nthawi yomweyo akudutsa a Mhango, mphunzitsi wa kumpoto amene anabwera chaka chatha. Aima. Aimika zala ziwiri, nkhope yonse mano okhaokha, anena mawu ambiri m'Chitumbuka n'kumapita akucheuka. Zipani zitatu m'masiku atatu. A Matewere zinawatengera zaka.

A Gwedeza aimitsa njinga, phazi limodzi pansi.

"Munthu woimba belu la Mulungu azikhala ndi mbali imodzi, akulu."

Ndikuti belu lili ndi mbali zonse, n'lozungulira. Ayang'ana wotchi. Amayang'ana wotchi ngakhale pomwa madzi.

Ndasamuka. Kuseri kwa nkhokwe mpweya uliponso.

Chithunzi chachinayi: kuima njo, kucheuka pang'onopang'ono kumanja, kenako kumanzere. Chachisanu ndachisiyira mawa. Madzulo mbiri yafika kale: ndabisala kuseri kwa nkhokwe, ndikucheukacheuka ngati woba nkhuku, pali amene akundilonda.

A Nambewe akudutsa ndi lichero, osaima, osandiyang'ana n'komwe. "Zidendene zisanyamuke. Ndipo mukupuma ngati mukuthamanga." Pepala sanaligwirepo. Amayi awa amatha kudzudzula ngakhale chinthu chomwe sanachione.

Ka 10. Ziwiri zotsalazo ndidzabweza mawa.

LACHINAYI

Sindikusankha lero. Fodya wotere umangomuyang'ana.

Ndasamukira m'chigafa. Fodya tinagulitsa, muli mbee. Ndaiwala chinthu chimodzi chomwe wosankha fodya aliyense amachidziwa: chigafa chilibe makoma.

Chithunzi chachisanu. Kutang'adza, kutsika, manja pantchafu, mutu kuzungulira uku, mbuyo kugwedezeka uko. Pa pepala mkulu wadazi akuoneka waulemu. Ine sindikudziona. Amene andiona ndi amayi awiri ochokera kukatola nkhuni, ndipo mmodzi ndi mlongo wa a Gwedeza.

Dzuwa lisanafike pamutu a Khombe ali pakhomo, jekete, Baibulo m'khwapa. Mpando akana kaye, kenako akhala.

"Zandale sitilowerera, dziko linamasuka, munthu alowe zipani zonse ngati akwanitsa. Koma anthu akuti mukuvina m'chigafa. Akuti mwayamba za kudambwe. Sabata ya mgonero."

Ndikuti a gule atandiona angandibweze pa msewu pomwe, kumeneko amafuna miyendo yeniyeni. Sakuseka. Ndikuwapatsa pepala. Aligwira chozondoka, alitembenuza, aliyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa mapazi a nkhuku aja ngati akuwerenga.

"Mkuluyu ndi wa mpingo wanji?"

Sindikudziwa.

"Pa chithunzi ichi akuweramira ndani?"

Ndikuti akugwira mapazi ake. Ndi chachisanu ndi chimodzi, sindinafikepo.

Atembenuza kuseri, awerenga za Esinati. Pensulo ya namwino aikhulupirira. Akuti bola ndizichitira m'nyumba, anthu ofooka angakhumudwe. Potsanzika akuloza mzere umodzi: "Apa alemba kamodzi patsiku." Ndikuwafotokozera masamu. Nawonso akuti, "Ehe." Kaya anauzana.

Pageti acheuka. "8 koloko, akulu. Ine ndimakonda kaimbidwe kanu. Koma abusa sangadikire maondo."

Ndasamukira m'nyumba. Zotsatira:
Chithunzi choyamba, manja agunda mtanda wa denga. Chimanga cha mbewu chomwe a Nambewe anapachika chandigwera pamutu, ndi mwaye wake.
Chachiwiri, uta wagwetsa nyali. Galasi lapulumuka.
Chachisanu, ndatsika bwinobwino. Kukwera ayi.

Bondo lamanzere lalira mawu omwe sindinamvepo, ngati phesi louma ukaliponda. Ndakhala pansi pomwepo, pakati pa chimanga. A Nambewe alowa, andiyang'ana, ayamba atola chimanga chawo chonse, kenako andidzutsa.

Ka 6. Masamu akuti ndili m'mwezi wachiwiri.

LACHISANU

Lamanzere latupa ngati mphonda. Buluku silikudutsa.

Fodya ukaonjezera moto amauma msanga, inde. Koma amapsa. Ndakhala ndikukalipira matenanti za zimenezi theka la moyo wanga.

A Nambewe aphika madzi, athowa bondo, atsegula sutikesi. Nsalu ya a Matewere aing'amba pakati n'kumanga. Manja ogwirana azungulira bondo langa kanayi. N'zoona, ndi yolimba.

Andikhazika pakhonde m'mamawa, nthawi yomwe masiku onse ndimakhala ndikadali m'bulangete. Iwo atenga ndowa, alowa m'bafa. Bafa lathu ndi la udzu, lalitali mpaka m'mutu mwa munthu. Madzi sakumveka. Ndikuyang'ana. Pamwamba pa udzu pakutuluka manja awiri, zala zolukana, akukwera pang'onopang'ono. Aima. Akutsika. Pakupita kanthawi. Kenako dzanja limodzi, ngati lothyola mango.



Atuluka, ndikufunsa. Sakubisa.

"Muja ndinapita kwa Esinati kukalera khanda, mvula isanathe. Anandiphunzitsa konko. Kamodzi patsiku, madzi akamazizira."

Ndiye miyezi inayi. Ndikuti bwanji osandiuza.

"Ndinakuuzani nditangofika. Munati za anthu odya ndi timitengo sizingachize Mchewa. Ndiye ndinauza Esinati kuti alembe kalata. Inu mumamvera pepala."

Ndikuti nanga bwanji m'bafa.

"Ine mudzi uno ndimaudziwa."

Ndikukumbuka tsopano. A Nambewe nawo anali ndi maondo. Podzuka pamphasa ankagwira khoma n'kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Asiya liti kuitana? Sindikudziwa. Ine amene ndinkazindikira tsamba lothimbirira pakati pa mulu wonse, izi zandidutsa m'nyumba mwanga momwe. Ndachita manyazi, ndilembe choncho.

Masana: ngwe, ngwe, ngwengwengwe. A Gwedeza apachika khasu lakutha pa mtengo wa kwawo, akuyeserera. Nkhuku zathu zathawira pansi pa nkhokwe.

Chithunzi chachisanu ndi chiwiri chimatheka utakhala: kukunga zibakera, kutong'ola maso, kuponya chibakera kutsogolo pang'onopang'ono. Khonde lathu linayang'ana kwa a Gwedeza. Sindinalimange choncho dala. Khasu lakhala chete kwa kanthawi, kenako layambanso, koma kuseri kwa nyumba.

Chachisanu ndi chitatu, kunyamuka pa zala za kumapazi n'kugwetsa zidendene, ndangochiyang'ana. Mkulu wadazi akumwetulira pa chithunzi chimenechi. Kwawo kulibe chitunda, kapena belu lake lili m'munsi.

Lero kamodzi. Theka lake.

LOWERUKA

Kuyesa chitunda. Ndodo ya nsungwi, nsalu ya chipani pansi pa buluku la khaki.

Njira ndimaidziwa ndi maso otseka: chitsime, msuku, mwala waukulu wa pakati, kenako potsetsereka pa miyala yoterera, kenako muwanga. Kale ndinkatuluka m'nyumba wailesi ikuyamba nyimbo za m'mawa, n'kufika pamwamba thukuta lisanatuluke.

Chitsime: ndafika. Azimayi asiya nkhani, ayang'ana manja anga kuti aone lero ndili kuti. Onse ali pa ndodo.
Msuku: ndapuma kawiri.
Mwala: dzuwa lili pamutu.

Pamwala tchalitchi chikuoneka denga lokha, ndi nsonga ya muwanga. Amayi akusesa pabwalo kukonzekera abusa, fumbi likukwera. Potsetsereka paja ndaika phazi lamanzere pa mwala woyamba, bondo lakana. Silinapweteke kuposa kale. Langokana, ngati ng'ombe ikaona mlatho.

Kutsika ndatsika chokhala m'malo awiri. Palibe wandiona kupatula mbuzi za a Khombe.

Masamu atsopano: nditanyamuka kukungoyera, pamwala ndifika 7 koloko itadutsa. Kuchokera pamwala, masamu sakunena kanthu.

Ndikuopa. Kusankha fodya ndinasiya, ana anachoka, anzanga a ku esiteti ambiri ali kumanda. Lamulungu lililonse midzi isanu imamva kuti ndikadalipo. Likachoka belu, ndine mkulu wina wa pakhonde amene analowa zipani zitatu n'kuvina m'chigafa.

Ndatulutsa pini, ndaipukuta ndi mafuta a njinga ya Esinati yakale. Siifuna mafuta. A Nambewe akusita bulauzi yawo yoyera ya kumpingo.

LAMULUNGU

Ndanyamuka kukungoyera. Jekete, ndodo, pini m'thumba lam'kati, ikugunda nthiti.

Chitsime. Msuku. Mame alowa m'nsapato. Mwala.

Ndayesa potsetsereka katatu. Kachitatu ndakwawa ndi manja, ndafika pa mwala wachinayi, ndatsetsereka kubwerera ndi jekete ya mgonero. Ndakhala pamwala waukulu.

A Gwedeza akukwera, njinga asiya m'munsi. Aima, apereka moni wathunthu, ndiwayamikire pamenepo. Ayang'ana wotchi.

"Kwatsala mphindi 20, akulu. Ndikhala pansi pa muwanga. Ikakwana ndituma munthu adzatenge."

Sanapemphe pini. A Khombe anati likachedwa, ndipo silinachedwe. Apita.

Mphepo. Kudambo utsi wa m'midzi wagona chogona. Anthu kumeneko akuvala, khutu lili kuno.

Kumunsi kukubwera duku loyera. A Nambewe, Baibulo m'manja, kuyenda kwawo kwa masiku onse, osafulumira. Afika pamwala. Ayang'ana jekete, ayang'ana chitunda. Kenako agwada, panjira pomwepo, pa miyala, maondo onse awiri, osagwira kanthu, osaitana mayi awo. Atambasula manja awiri.

"Bambo."

Basi, mawu ake ndi omwewo.

Ndikuti mkazi sanaimbepo belu limeneli. Akuti a Khombe anati belu lilire 8 koloko, sananene dzanja. Ndikuti simudziwa kaimbidwe kake.

"Zaka 27 ndakhala ndikumva. Inu mumamva lili pakhutu. Ine ndimamva momwe limafikira kunyumba."

Pini yatuluka m'thumba movuta, yakodwa mu ulusi. Ndaipereka. Adzuka. Ndayang'ana maondowo pamene akudzuka, poti ndi ntchito yanga. Giredi yachiwiri. Yoyamba n'kunama, pa msinkhu wathu kulibe. Koma yachiwiri yoyera, yopanda banga.

Potsetsereka akwera mwala umodziumodzi, zidendene pansi.

Ndakhala. Dzanja lamanja ndaliika pa bondo.

Katatu.

Kupuma. Akupuma motalika pang'ono kuposa ine.

Katatu.

Ndapeza dzanja langa likumenya pa nsalu ya a Matewere, likuwerenga nawo. Kakhumi ndi kawiri, osathamanga. Kachisanu ndi chinayi kafooka, pini yagunda m'mphepete. Komaliza. Ndikumva liwu likudutsa pamwamba panga, likutsika, msuku, chitsime, denga lathu, dambo. Sindinalimvepo likuyenda. Nthawi zonse ndinkakhala kumene likuchokera. Pamwamba pali zii, palibe wasuntha phazi mpaka lazima.

Misozi yatuluka. Mphepo ya pamwala ndi yoipa, koma si mphepo.

Anthu akukwera, akundidutsa, akupereka moni. Mayi wina wa kutsidya akuti, "Lero mwaimba bwino, agogo," n'kupitirira masitepe atatu, n'kuima, n'kucheuka, n'kuyang'ana kumwamba, n'kupitanso. A Matewere ndi a Mhango andigwira wina uku wina uku, andikweza potsetsereka ngati thumba la feteleza. Ndalowa m'tchalitchi nyimbo yachiwiri ili pakati, zipani ziwiri m'khwapa. A pa bawo apeza nkhani ya mwezi wonse.

Titatuluka, a Gwedeza akuti lalira 8 koloko itatsala mphindi imodzi. A Khombe akuti nkhani ya mkazi kuimba belu akulu a mpingo aikambirana, ndi yaikulu, ingatenge nthawi. Pakadali pano zikhale momwe zilili. Atero akuyang'ana mbuzi zawo.

Kutsika kwatenga masana onse. A Nambewe amayenda patsogolo, akaima ine n'kufika.

Pepala la mkulu wadazi alipachika pa msomali m'bafa. Akuti ndiyambe bondo likaphwa, kamodzi patsiku, iwo akatuluka, madzi akamazizira. Miyezi itatu ndi miyezi itatu. Ndikuti mwina pofika nthawi yobzala ndidzakwera. Akuti, "Ehe." Uyu ndamumva. Si wokana, si wolonjeza.

Lamanja, yachinayi. Lamanzere, sikilapu.

Pini yabwerera pansi pa bedi, yokulungidwa m'nsanza yomweyo. Ili mbali ya a Nambewe.